Mmene ndinasankhira pakati pa mfuti ziwiri za .22

Malume anga ku Linthipe ali ndi mfuti ziwiri za .22 LR (mtundu wa zipolopolo zing'onozing'ono), Ruger 10/22 ndi Marlin Model 60, ndipo anati nditenge imodzi chiphaso changa cha mfuti chikatuluka kupolisi. Zonsezi ndi zija zimalowetsa zokha chipolopolo china ukangowomba. Ine ndinkangofuna yowombera chandamale Loweruka, koma ndinatha miyezi iwiri ndikuzengereza.

Pa intaneti sindinapindulepo, aliyense ankatama yake. Kuziyesa paphewa nakonso sikunandiuze kanthu.

Tsiku lina tinapita nazo kumunda. Tinayamba tazitsuka, chifukwa zipolopolo za .22 zimasiya mwaye wambiri, ndipo mfuti yakuda imakakamira, n'kumaoneka ngati yoipa. Kenako tinaimika katoni patsogolo pa chulu chachikulu, mamita 25, mfuti titaitsamiritsa pathumba la mchenga. Zipolopolo za mtundu umodzi, mabokosi awiri a 50. Pakatoni kusiyana kwake kunali kosati n'kukangana nako.

Nkhani inali pochotsa zipolopolo. Marlin imazisunga m'kapaipi kapansi pa mpope wa mfuti, ya malume imalowa 14, ndipo pochotsa umasolola kandodo kam'kati n'kukhuthula, dzanja lili kufupi ndi kukamwa kwa mfuti. Ruger ili ndi magazini (kabokosi kosungiramo zipolopolo) yolowa 10. Umangoichotsa, n'kukoka bawuti (kachitsulo kamene kamalowetsa chipolopolo mumpope), n'kusuzumira ngati simunatsale china, basi. Kwathu kuli ana, ndiye ndinkafuna magazini izigona kwina, mfuti ili m'kabati yokhoma.

Ndinatenga Ruger. Malume anangomwetulira, paja Marlin ndi imene mtima wawo unali.