Vesiti yotenthetsa ikuthera moto msanga? Werengani powerbank yanu kaye

Amene mumayenda pa njinga yamoto kuno ku Joni mu June ndi July mukuidziwa mphepo ya 5 koloko mmawa, zala kuuma mpaka buleki kumaigwira movutikira. Ambiri tagula ma vesiti a mawaya mkati aja koma dandaulo ndi limodzi, akuti 9 koloko isanakwane yazizira kale. Nthawi zambiri vesiti ilibe mlandu, vuto ndi powerbank.

Vesiti ya USB imayendera 5V ndipo mukaiika pa moto wonse, kabatani kakuwala kofiira, zambiri zimakoka pafupifupi 2A, ndiye kuti ma watt 10 (ma volt 5 kuchulukitsa ndi ma amp 2). Tsopano 10000mAh yolembedwa pa powerbank ija isakunamizeni, amawerengera pa 3.7V ya batire la mkati ndiye mukachulukitsa mumapeza 37Wh, kutanthauza ma watt 37 kwa ola limodzi, kwinaku moto wina umatayika pokwera kufika 5V, mumatsala ndi cha m'ma 30. Gawani 30 ndi 10, maola 3 basi. Mukufuna ikhalitse gulani ya 20000mAh kapena ziwiri zosinthana, komanso onani kumbuyo kwake ngati alemba 5V 2A, ya 1A imangofunditsa pang'ono kapena kumazima yokha.

Ine ndimayatsa kofiira mphindi 10 zoyamba thupi likagwira ndimatsitsa pa moto wochepa, imafika nane masana. Muivale pamwamba pa sikipa yopyapyala ndipo pamwamba pake jekete losalowa mphepo, mukaivala kunja kwa juzi mukutenthetsa msewu. Powerbank nayo ikhale mthumba la mkati pafupi ndi thupi coz batire likazizidwa limafooka msanga.

Zovala zotenthetsa za 12V zolumikiza ku batire la njinga ndi nkhani ina, jekete lokha limatha kudya ma watt 70 kupita mtsogolo magolovesi kuwonjezera ngati 25, ndipo tinjinga ta 125cc kapena 150cc timene timagwirira delivery iti alternator yake (imene imachaja batire injini ikamalira) ndi yaing'ono, nyali ikudyanso pomwepo, mukaima nthawi yaitali kudikira order injini ili pansi batire likutha osadziwa. Ngati mwalimbikira yambani ndi magolovesi okha, waya wake ukhale ndi fuse pafupi ndi batire, ndipo mukazimitsa injini muzizula pulagi nthawi yomweyo. Waya ukasupuka kapena pena pakuwotcha kuposa pena, chonde musaivalenso.