Kafunsidwe ka ndalama za chitukuko cha kwanu ku khonsolo

Nkhani ya ndalama za CDF, thumba la chitukuko cha m'dera la phungu, ikabuka pa gulu la WhatsApp la kumudzi kwathu, aliyense amapsa mtima. Uyu akuti ndalama za mjigo zinadyedwa, uyo akuti kontrakitala ndi mlamu wa bwana wina. Kukacha nkhani yazirala, amene akusunga mapepala osatekeseka n'komwe. Ine ndakhala mu komiti ya chitukuko cha m'mudzi, ija timati VDC, ndipo ndaona kuti chimene chimagwedeza ofesi ndi kalata yodindidwa.

Ufulu wofunsa tili nawo kale. Gawo 37 la malamulo aakulu a dziko lino limalola nzika kupeza uthenga umene boma likusunga. Aphungu anavomereza lamulo la Access to Information mu 2016, ndipo linayamba kugwira ntchito pa 30 Sepitembala 2020. Oyang'anira kuti likutsatidwa ndi a Malawi Human Rights Commission, bungwe loona za ufulu wa anthu.

Choyamba, dziwani pepala lenileni limene mukufuna. Apa ndi pamene ambiri timagwera. Mukalemba kuti "tiuzeni mmene ndalama zayendera", adzakuyankhani kuti zayenda bwino, basi nkhani yathera pomwepo. Tchulani ntchitoyo, malo ake ndi chaka chake: mlatho wa pa mtsinje wakuti, m'dera la mfumu yakuti. Kenako pemphani ndalama zimene anaika pa ntchitoyo, dzina la kontrakitala, kope la kontrakiti, ndalama zimene walipidwa kale ndi masiku ake, komanso lipoti la amene anayendera ntchito asanalipire. Lipoti limeneli musaliiwale, chifukwa limaonetsa amene anasaina kuti ntchito yatha pomwe inu mukuona maziko okhaokha.

Musanalembe, pitani pamalopo mukajambule ndi foni. Werenganinso chikwangwani cha ntchito ngati chilipo.

Kalata ikhale yaifupi, yaulemu, yopanda kuloza munthu chala. Ipite kwa mkulu woona zopereka uthenga, amene lamulo limati bungwe lililonse la boma likhale naye. Mukapanda kumupeza, isiyeni ku ofesi ya bwana DC. Ikani dzina lanu ndi nambala ya foni. Agogo amene sadziwa kulemba asaope, atha kupempha pakamwa ndipo mkuluyo ayenera kuwalembera.

Tengani makope awiri. Lina asunge iwo, linalo akudindireni ndi kulembapo tsiku, mubwerere nalo. Musachoke pa khomo popanda chidindocho ngakhale akuuzeni kuti abwana atuluka. Lamulo limawapatsa masiku 15 ogwira ntchito kuti ayankhe, ndipo popanda tsiku lodindidwa mudzawerengera pati? Mukafika kunyumba jambulani kopelo, mutumizire anzanu a mu komiti kuti lisasowe.

Angathe kukana, chifukwa zina monga za chitetezo cha dziko ndi zinsinsi za munthu lamulo limaziteteza. Koma mtengo wa mlatho si chinsinsi. Akakana, pemphani kuti alembe zifukwa zake. Akangokhala chete, lemberani mkulu wa khonsolo yonseyo kuti aunikenso pempho lanu, ndipo zikakanika pamenepo kadandauleni ku Malawi Human Rights Commission mutanyamula kope lodindidwa lija.

Yankho likabwera, apa ndiye foni igwire ntchito. Jambulani tsamba lililonse momveka, muike pa gulu pamodzi ndi zithunzi za pamalopo, anthu afananitse okha. Pitani nalonso ku msonkhano wa ADC (komiti ya chitukuko cha m'dera la mfumu yaikulu), kwa khansala, ngakhale ku wailesi ya m'dera lanu, poti si onse ali ndi bandulo.

Chenjezo langa n'lakuti musatchule munthu wakuba pa Facebook kapena pa WhatsApp. Anthu amangidwapo m'dziko muno chifukwa cha zolemba zawo pa intaneti, kudzera mu lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security la 2016. Lembani zimene pepala likunena ndi zimene maso anu aona, kenako funsani pagulu kuti ndalama zotsalazo zili kuti.