Momwe mungatetezere ana akamasewera pa sinowo

Titangofika ku Glasgow, ku Scotland, ndinkati chisanu ndikuchidziwa, poti ndinakulira ku Dedza. Ayi ndithu, cha kuno n'china.

Yambani ndi zovala, chifukwa m'pomwe ine ndinaphonya. Wanga wamng'ono ndinamuveka jinzi, masokosi awiri a thonje ndi chijekete, basi n'kumati ndathana nazo. Thonje likanyowa siliuma msanga, limangomata pakhungu n'kumamuziziritsa mwana. Atagubuduzika kwa nthawi ndithu anasiya kudandaula, n'kukhala pansi phee, akuyankhula ngati wadzuka kumene. Ine ndimvekere watopa. Mayi wina amene anali pafupi ndi amene anandiuza kuti ndithamange naye kunyumba. Mwana amene akulira kuti kukuzizira akadali ndi mphamvu, koma wangoti zii uja ndiye muchite naye mantha. Kunyumbako ndinkafuna kumuviika m'madzi otentha ndi kumutikita manja monga timachitira kwathu pambali pa mbaula. Musatero. Muvuleni zonyowa, mufunditseni bulangete, ndipo ngati ali maso mpatseni tiyi wofunda wa shuga. Akayamba kusokonekera kapena kulefuka, imbani 999, nambala yoitanira ambulansi kuno.

Masiku ano ndimawaveka zitatu: cham'kati chosakhala cha thonje, juzi yaubweya, pamwamba jekete ndi thalauza zosalowa madzi. Zambiri ndimatola ku charity shop, kaunjika wa kuno, pa mapaundi ochepa. Magolovesi okha musaumire. Ena ogulitsa pa intaneti amalemba kuti salowa madzi, koma kuwayesa pampopi zala n'kunyowa pompo. Gulani awiriawiri, limodzi limasowa ndithu.

Pa sledge, kangolo kopanda mateyala kotsetserekera pa phiri la sinowo, mwana akhale chokhala, miyendo kutsogolo, osati chafufumimba. Ngati ali ndi helemeti ya njinga avale. Musanamulole, tsikani nokha wapansi mukaone komwe phirilo likuthera. Kukakhala msewu, mtengo kapena dziwe, sakani pena.

Za dziwe lomwe madzi ake aundana n'kukhala ayezi palibe zokambirana, mwana asapondepo. Mu Disembala 2022 anyamata anayi anamwalira ayezi atasweka pa dziwe la Babbs Mill Lake ku Solihull, ku England. Mpira ukagwera pamenepo, wapita.

Zotsalazo mukuzidziwa. Adye asananyamuke, tiyi mu fulasiki, masokosi ouma m'chikwama. Mu Disembala kuno dzuwa limalowa isanakwane 4 koloko, ndiye muzinyamuka m'mawa.