Dzuwa likakwiya ku Joni: momwe mungatetezere moyo wanu ndi wa abale

"Achimwene, ine kwathu n'ku Nsanje. Dzuwa la kuno n'la ana." Anandiyankha choncho mnyamata wina amene tinkayala naye njerwa pabwalo la nyumba ina ku Midrand, nditamuitana kuti abwere pamthunzi adzamwe madzi. Unali mwezi wa Novembala, mvula itachedwa, kumwamba kuli mbee. Pofika 2 koloko masana ndinamuona akukankha wilibala yopanda kanthu kulowera kugeti, akulankhula zopanda mutu. Kenaka miyendo inangoti lobodo, n'kugwera pamchenga. Ali moyo lero chifukwa mayi wina wogwira ntchito m'nyumbamo anathamanga ndi paipi yothirira maluwa n'kumuthira madzi thupi lonse mpaka ambulansi inafika.

Mawu ake aja ndimawamvabe pakati pathu, ndipo amandiopsa. Joni timaidziwa ndi chisanu cha Juni ndi Julayi. Mzindawu uli pamtunda, mamita oposa 1,700 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere, n'chifukwa chake ngakhale mu Januwale masiku ambiri kutentha kumathera pa madigiri 26 basi. Wochokera ku Chikwawa kapena ku Ngabu, kumene mu Okutobala kumapitirira 40, amangoseka. Koma thupi silisunga mbiri ya kwanu. Limazolowera kutentha pakatha sabata imodzi kapena awiri, ndipo likakhala kozizira kwa milungu ingapo chizolowezi chija chimatha. Amene wakhala kuno zaka zitatu, thupi lake n'la ku Joni.

Malo ozolowera nyengo yofatsa ndi amene kutentha kumawapeza osakonzeka. Mu 2003 kunapha anthu oposa 70,000 ku Ulaya, ambiri mwa iwo okalamba. Mu Juni 2021 kamudzi ka Lytton ku Canada kanafika madigiri 49.6, ndipo m'chigawo cha British Columbia munafa anthu oposa 600, ochuluka a iwo ali m'nyumba zawo. Kuno nako, mu Januwale 2016 Johannesburg inafika madigiri 38, ndipo mu Januwale 2023 anthu 8, ambiri ogwira ntchito m'minda, anafa ndi kutentha ku Kakamas m'chigawo cha Northern Cape. Ntchito zathu zambiri n'zapadzuwa, ndipo zipinda zathu zambiri n'zamalata. Nazi zoyenera kuchita.

1. Dziwani za mawa lero

Usiku musanagone onani zanyengo pafoni kapena mverani wailesi. A South African Weather Service amachenjeza akaona kuti kwa masiku atatu otsatizana kutentha kudzapitirira kwambiri mlingo wa nthawi zonse. Kuno mukaona 32 kapena kupitirira, yambani kukonzeka. Tsiku loyamba thupi limalimbikira. Lachiwiri ndi lachitatu ndiye loopsa, makamaka ngati usiku nawo sikukuzizira, chifukwa mtima umakhala usanapume. Mukaona chenjezolo, litumizeni pagulu la WhatsApp la kutchalitchi, la kumzikiti kapena la anthu akumudzi kwanu.

2. Madzi akonzedwe usiku

Tonse tikudziwa kuti kuno mpopi ukhoza kuuma osatsanzika, ndipo nthawi yotentha, pamene aliyense akutunga, ndi pamene madzi amavuta kwambiri. Dzadzani zigubu ndi ndowa zoyera zokhala ndi zivindikiro. Ngati muli ndi filiji, ikani mabotolo awiri a malita awiri kuti aundane. Mawa amasungunuka pang'onopang'ono m'chikwama.

Mpweya wa kuno ndi wouma mvula isanayambe, moti thukuta limauma lisanayenderere. Munthu umaganiza kuti sukutuluka thukuta pamene madzi akutha m'thupi. Choncho musadikire ludzu. Ngati mukugwira ntchito padzuwa, imwani kapu imodzi mphindi 15 kapena 20 zilizonse, osati kugugudiza malita awiri nthawi imodzi. Mboni yake ndi mkodzo. Ukakhala woyezuka zili bwino, ukayamba kuoneka ngati tiyi wopanda mkaka kapena mwatha theka la tsiku osakodza, madzi achepa.

Thukuta limapita ndi mchere. Amene wakhala tsiku lonse akusakaniza simenti amwe ORS, amene kwathu timati Thanzi. Kuno ORS amapezeka m'mafamase ndi kukiliniki. Ngati palibe, tengani lita imodzi ya madzi abwino, thiranimo masupuni ang'onoang'ono 6 a shuga osasefukira ndi theka la supuni yaing'ono yomweyo ya mchere. Mahewu ndi mavwende amathandizanso, ndipo osadumpha chakudya. Mowa umachotsa madzi m'thupi, ngakhale utazizira bwanji. Amene wagona ataledzera n'kulawirira padenga la nyumba akuyamba tsiku ali ndi ngongole ya madzi kale.

3. Chipinda cha malata

Apa ndikhalapo pang'ono, chifukwa ndi pamene ambirife timagona, kaya ku Diepsloot, ku Alexandra, ku Tembisa kapena kuseri kwa nyumba ku Cosmo City. Chipinda chotere timachimata paliponse poopa mphepo ya Julayi, kazenera kamodzi, denga lofika pafupi ndi mutu. Dzuwa likaswa mtengo, mkatimo mumatentha kuposa panja. Tsiku lina ndinabwerera kunyumba masana n'kupeza kandulo yomwe ndinaisiya pashelefu itapindika yokha. Taganizani kuti m'chipinda chomwecho munagona mwana, kapena mlonda amene wagwira ntchito usiku wonse.

M'mawa kukadali kozizira tsegulani chitseko ndi zenera kuti mphepo idutse. Dzuwa likakwera, phimbani zenera lomwe likuyang'ana dzuwa, ndipo phimbirani kunja ndi katoni, thumba kapena nsalu yoyera, chifukwa katani ya mkati imatchinga kuwala kutentha kutalowa kale. Phikani nsima ndi ndiwo m'mamawa kapena dzuwa litalowa. Sitovu yoyaka masana m'kachipinda kotere ndi ng'anjo yachiwiri. Ngati mumagwirizana ndi alandilodi, apempheni kuti mupake denga penti yoyera. Imabweza dzuwa, ndipo kusiyana kwake mumakumva.

Fani imathandiza, koma m'chipinda mukafika madigiri 40 imangokupemererani moto. Nyowetsani kaye khungu kapena fundani chitenje chonyowa, kenaka yatsani fani. Magetsi akathima, chitenje chonyowacho chimagwirabe ntchito, pamodzi ndi kuviika mapazi m'beseni la madzi. Usiku yalani pansi, pakuti mpweya wotentha umakwera kudenga. Ambiri timaopa kutsegula zenera chifukwa cha akuba, ndipo manthawo ndi oona. Ngati zenera lili ndi zitsulo litseguleni, ngati lilibe khalani panja ndi anzanu apabwalo mpaka chipinda chipole. Ndipo pakati pa 11 koloko ndi 4 koloko, ngati m'nyumba simukukhalika, pitani kumolo, kulaibulale kapena pansi pa mtengo. Maola awiri okha pamalo ozizira amapumitsa thupi.

4. Kuntchito lankhulani

Wogwira ntchito m'gadeni, womanga, wogulitsa pamsewu, woyendetsa njinga yamoto yoperekera katundu atavala chisoti ndi jekete, nonsenu muli pamzere woyamba. Pemphani abwana kapena akapitawo kuti ntchito yolemera, monga kukumba ndi kunyamula, iyambe m'mamawa, ndipo masana mugwire ya pamthunzi. Ola lililonse pumani pang'ono pamthunzi. Valani chipewa chachikulu ndi malaya owala opepuka, osati juzi mkati mwa ovololo monga tinazolowera m'chisanu.

Ndikudziwa chimene chimatitseka pakamwa. Timaopa kuti tikadandaula mawa aitana wina, poti pamsewu pali anthu ambiri odikira ganyu. Koma mbewa yamanyazi inafera kuuna. Lamulo la dziko lino la Occupational Health and Safety Act la 1993 limalamula olemba ntchito kuonetsetsa kuti malo antchito sakuika moyo pachiswe. Kupempha madzi ndi mthunzi si mwano. Mukapita awiri kapena atatu, mwaulemu, mawu amamveka bwino kuposa munthu mmodzi. Ndipo mnzanu amene wangoyamba kumene ntchito yapadzuwa musamuthamangitse sabata yoyamba.

5. Ana, achikulire ndi odwala

Amayi, mwana wakhanda sachedwa kutenthedwa. Ndimaona pamzere wa matakisi ku Noord mwana ali kumsana, atavala chipewa chaubweya, pamwamba pake bulangete, dzuwa lili paliwombo. Ndi chikondi chomwe tinaphunzira kwa amayi athu, koma tsiku lotentha chotsani zonsezo, chitenje chimodzi chopepuka n'chokwanira. Mwana wosakwana miyezi 6 musamupatse madzi, muyamwitseni pafupipafupi, inuyo n'kumamwa madzi ambiri. Thewera likakhala louma nthawi yaitali, liwombo likalowa, akamalira popanda misozi kapena akangoti lefu, thamangirani kukiliniki. Mwana asatsale m'galimoto yoimikidwa ngakhale kwa mphindi zochepa, ndipo asatsekeredwe m'chipinda cha malata masana.

Achikulire samva ludzu msanga. Amayi oyembekezera, odwala shuga, mtima, impso kapena BP, onsewa kutentha kumawapweteka mwachangu, ndipo mankhwala ena a BP amakodzetsa kwambiri. Musasiye mankhwala panokha. Funsani anamwino, makamaka ngati anakuuzani kale kuti muzichepetsa madzi. Amene amakhala yekha mugogodereni m'mawa ndi madzulo. Opemphera kutchire ndi kumapiri Lamlungu, ndiponso osala kudya, sankhani pamthunzi ndipo odwala ndi ana asakakamizidwe.

6. Siyanitsani kutopa ndi ngozi

Kutentha kumayamba ndi kuchenjeza: mutu kuwawa, chizungulire, nseru, thukuta lambiri, kufooka, minofu ya m'miyendo kukokana. Apa munthu asiye ntchito, agone pamthunzi miyendo itakwezedwa, amasule zovala, amwe madzi kapena Thanzi pang'onopang'ono, mumupukute ndi nsalu yonyowa. Pakatha mphindi 30 asakusintha, kapena akamasanza chilichonse, apite kuchipatala. Asabwererenso padzuwa tsiku limenelo.

Chizindikiro cha ngozi yeniyeni chili m'mutu. Munthu akayamba kubwebweta, kuyankha zosagwirizana ndi funso, kupsa mtima popanda chifukwa, kuyenda dzandidzandi, kugwa ngati wakhunyu kapena kukomoka, ndiye kuti thupi lapitirira madigiri 40 ndipo ubongo, impso ndi chiwindi zayamba kuonongeka. Khungu likhoza kukhala louma, koma wogwira ntchito yolemera amathanso kukhala ali thukuta kamukamu, ndiye musanamizidwe ndi thukutalo. Tsiku lija ku Midrand mnzathu wina anati mnyamatayo wasuta chamba, wina anati ndi mizimu. Tikanamvera zimenezo tikanataya nthawi yomwe inamupulumutsa.

7. Munthu akagwa

Mmodzi aimbe 112 pafoni yam'manja kapena 10177 ya ambulansi. Enanu musadikire. Munyamuleni kupita pamthunzi, muvuleni ovololo, jombo ndi malaya, ndipo muthireni madzi ozizira thupi lonse mosalekeza, kaya ndi paipi, ndowa kapena zigubu. Wina azimukupiza ndi katoni. Ngati pali bafa kapena beseni lalikulu, muviikeni mpaka m'khosi wina atagwira mutu. Mabotolo oundana aja aikeni m'khosi, m'khwapa ndi m'mphechepeche. Nsalu yonyowa ikafunda isintheni, chifukwa ikakhalitsa imasunga kutentha. Ofuna kupemphera apemphere, koma manja akuthira madzi.

Wosokonezeka mutu kapena wokomoka musamumwetse kanthu, angatsamwe. Mugonekeni chammbali, ndipo akamaphupha musamuike supuni kapena chala m'kamwa. Panado ndi asipulini sizitsitsa kutentha kwa mtundu umenewu, ndipo zikhoza kuwonjezera vuto pachiwindi ndi impso. Ngakhale atatsitsimuka n'kunena kuti ali bwino, apitebe kuchipatala, chifukwa kuonongeka kwa mkati kumaoneka pambuyo pake.

Pali abale ena amene amazengereza kuimba foni poopa nkhani ya mapepala. Gawo 27 la malamulo aakulu a dziko lino, a 1996, limanena kuti munthu aliyense asakanizidwe chithandizo chadzidzidzi chachipatala, ndipo silisankha kuti ndi nzika kapena mlendo. Imbani. Ngati chilankhulo chikukuvutani, perekani foni kwa neba. Nenani kuti munthu wagwa ndi kutentha ndipo sakudziwa pomwe ali, tchulani dera, msewu ndi chizindikiro chodziwika monga sukulu, galaja kapena shopu yapakona. Kumalo kopanda manambala a nyumba, tumani wachinyamata akaime pamsewu waukulu kuti akalondolere ambulansi, inuyo mukupitiriza kuthira madzi.