Mausi akhale m'dzanja la wophunzira: malangizo kwa makomiti a maphunziro a kompyuta m'madera

Malo ambiri ophunzitsira kompyuta m'madera mwathu amayamba ndi nthungululu. Makina abwera kuchokera kwa akufuna kwabwino, amfumu alankhula, achinyamata alembetsa mpaka kaundula kudzaza. Pakangotha miyezi ingapo chipinda chija chimakhala chokhoma, ndipo akomiti amati vuto ndi kuchepa kwa makompyuta. Kawirikawiri vuto silikhala pamenepo. Limakhala pa anthu ongodzipereka amene timawaimika kutsogolo kuti aphunzitse anzawo tisanawakonzekeretse. Malangizowa ndi anu akomiti, kaya malo anu ali patchalitchi, pamzikiti, pa TDC (malo osulira aphunzitsi m'zoni), mulaibulale kapena pa telecentre (malo a makompyuta ndi intaneti a anthu onse) ngati zija bungwe loona za mauthenga la MACRA lidathandiza kukhazikitsa m'madera ena.

Posankha mphunzitsi musatengeke ndi mnyamata amene zala zake zimathamanga pa kiyibodi. Kudziwa ndi kwina, kuphunzitsa ndi kwinanso. Muyeseni chonchi: mupatseni mayi amene sanagwirepo kompyuta, ndipo muuzeni kuti awathandize kulemba dzina lawo, kuseva fayiloyo, kuitseka ndi kuipezanso, iye osakhudza mausi kapena kiyibodi ngakhale kamodzi. Ambiri amalephera mphindi ziwiri zisanathe. Amangoti "Tabweretsani ndikuonetseni, amayi," nkudina apa ndi apo, ntchito yatha. Mayi aja amavomera ndi mutu chifukwa cha ulemu, koma sanatolepo kanthu, ndipo sabata yamawa sabweranso.

Choncho lamulo loyamba kwa mavolontiya onse likhale lakuti mausi ndi a wophunzira. Mphunzitsi akoke mpando akhale pambali, asaimirire kumbuyo kwa munthu ngati woyang'anira mayeso. Aonetsetse kuti chikhatho chagona pa mausi, mkono watsamira patebulo, chala cholozera chili pa batani lakumanzere. Achikulire ambiri amavutika kudina kawiri motsatizana chifukwa dzanja limasuntha pakati pa kudina koyamba ndi kwachiwiri. Musawatopetse nazo: adine kamodzi, kenako asindikize Enter, fayilo itseguka chimodzimodzi. Zinthu zikasokonekera, mphunzitsi asathamangire kukonza. Afunse kuti, "Mukuona chiyani pa sikirini?" Wophunzira akawerenga yekha uthenga umene watulukawo, wayamba kale kudzithandiza. Ndipo tsiku loyamba lomwelo muwaonetse Ctrl ndi Z, mabatani awiri osindikizidwa pamodzi obwezera zimene zalakwika. Mantha akuti "ndiwononga makina a eni ake" amatha msanga munthu akaona ndi maso ake kuti zimene wafufuta zabwerera.

Tsopano za maphunzirowo. Ndaona mavolontiya akulembetsa anthu manotsi sabata ziwiri zathunthu za mbiri ya kompyuta ndi mayina a zipangizo zake, makina ali chovindikira. Amatero chifukwa ndi mmene iwo adaphunzirira kusukulu, ndiye tisawadzudzule kwambiri. Koma munthu amene wasiya geni yake pamsika sanabwerere zimenezo. Phunziro lililonse liyambire pa ntchito imene munthuyo ali nayo kale. Wotsiriza Folomu 4 akufuna kalata yofunsira ntchito ndi CV. Mlembi wa VDC (komiti ya chitukuko cha m'mudzi) akufuna kutayipa zokambirana za pamsonkhano. Amayi a banki m'khonde akufuna kuwerengetsa masheya popanda mkangano.

Tengani chitsanzo cha banki m'khondecho. Auzeni abwere ndi kope lawo lenileni. Mu pulogalamu yowerengetsera ya Excel, mzere wotsika wa A alembe mayina, wa B alembe ndalama zimene aliyense waponya. Ngati mamembala alipo 20 ndipo mzere woyamba wopingasa uli ndi mitu, pansi pa ndalama za munthu womaliza alembe =SUM(B2:B21) nkusindikiza Enter. Kenako asinthe ndalama za munthu mmodzi, aone chiwerengero chonse chikusintha chokha. Apa simufunikanso kuwauza ubwino wa kompyuta. Msungichuma ndi amene ayambe kufunsa za chiwongoladzanja, ndipo phunziro lachiwiri lapezeka lokha. Ngati mulibe Microsoft Office yovomerezeka, momwe mumapezeka Excel, LibreOffice ndi yaulere ndipo imachita masamu omwewo.

Musaiwale kuti kompyuta imene ophunzira ambiri akagwiritse ntchito kunyumba ndi foni. Patulani nthawi yoti aphunzire kutumiza CV pa imelo kapena pa WhatsApp ili mu PDF, osati chithunzi chopendekeka chojambulidwa pamphasa. Imelo aliyense atsegule ndi manja ake, pa nambala yake ya foni, ndipo pasiwedi asauze ngakhale mphunzitsi. Anthu ambiri adatsekuliridwa imelo ndi wina pa kafe, lero sangathe kulowamo. Nkhani ya akuba a pa Airtel Money ndi TNM Mpamba isasowenso, aja amaimba kuti atumiza ndalama molakwika kapena kuti mwapambana mpikisano umene simunalowe nawo. Mavolontiya ayeseze ngati kasewero, wina akhale wakuba, wina wolandira foni, mpaka aliyense azolowere kuyamba waona ndalama zimene zili mufoni mwake ndi kukana kutchula PIN.

Za makina ndingonena mwachidule. Mukapatsidwa mwayi wosankha, tengani malaputopu, chifukwa amadya magetsi ochepa, amayenda bwino pa sola, ndipo magetsi a ESCOM akathima phunziro silithera pomwepo. Nyengo ya mvula muzizula mapulagi mukaweruka kuopa mphenzi. M'chilimwe vindikirani makina ndi nsalu akazizira, fumbi la mu Okutobala limatseka timabowo topumira. Mafulashi obwera ndi anthu ndi amene amafalitsa mavayirasi, ndiye sankhani kompyuta imodzi yokha yolandirira mafulashi. Kumene bandulo ndi yodula, pulogalamu ya Kiwix imakulolani kusunga Wikipedia pa kompyuta nkumaiwerenga popanda intaneti, ndipo Kolibri imachita chimodzimodzi ndi maphunziro osiyanasiyana. Anthu awiri pa makina amodzi nzabwino ndithu, bola azisinthana pampando. Akapitirira atatu, ena aja angobwera kudzaonerera.

Kalendala yanu itsate moyo wa m'mudzi. Kuyambira Disembala mpaka Febuluwale anthu ali kumunda m'mawa onse, ndiye kalasi yaikulu muiyambe akakolola. Pewani tsiku la msika. Kalasi ya amayi ikhale masana, iweruke dzuwa likadalipo, ndipo ngati nkotheka pakhale volontiya wamkazi. Amayi ena safunsa funso pamaso pa anyamata amsinkhu wa ana awo.

Chovuta kwambiri ndi kusunga mavolontiyawo. Tinene zoona, ambiri amadzipereka akudikira china: zotsatira za MSCE, malo kukoleji, ntchito mutauni, ena ulendo wa ku Joni. Adzachoka, ndipo palibe cholakwika. Cholakwika ndi kulola kuti maphunziro onse akhale m'mutu mwa munthu mmodzi. Phunziro lililonse lilembedwe pa tsamba limodzi m'Chichewa, zoti wophunzira achite ndi malo amene anthu amakonda kukodwa, nkuikidwa mufayilo yosatuluka m'chipindamo. Kalasi iliyonse ikhale ndi aphunzitsi awiri, wakale ndi watsopano, ndipo watsopanoyo mumupeze mwa ophunzira amene angomaliza kumene, chifukwa akukumbukirabe pamene mausi ankamuvuta. Kamodzi pamwezi mavolontiya akumane okha, wina aphunzitse, anzake akhale ngati ophunzira ovuta, kenako auzane mosabisa.

Nkhani ya alawansi muikambe tsiku loyamba. Ngati palibe, nenani kuti palibe. Komiti imene imati "tiona kutsogoloku" imataya anthu ndi mkwiyo, ndipo mbiri yake imafala m'mudzi monse. Pali zimene mungathe kupereka popanda ndalama zambiri: maola oti volontiya agwiritse ntchito kompyuta pa zake, kupulinta CV yake mwaulere, ndi kalata yomuchitira umboni yokhala ndi chidindo, yotchula miyezi imene watumikira ndi zimene waphunzitsa. Ngati mumalipiritsa kangachepe potayipira anthu makalata kapena kupulinta, ndalamazo zilembedwe poyera ndipo thiransipoti ya aphunzitsi ichokere m'menemo. Musawapatse maola ochuluka. Kawiri pa sabata, maola awiri, munthu amatha kupirira chaka.

Pomaliza kosi musawerenge mayina a mukaundula. Aliyense akhale yekha pa makina ozimitsa, ayatse, atayipe kalata yaifupi, aseve mufoda ya dzina lake, aitumize pa imelo. Wolephera abwerenso sabata ziwiri popanda kumuchititsa manyazi. Satifiketi mukapereka, ilembe zimene munthuyo wakwanitsa kuchita, ndipo musauze anthu kuti ndi yofanana ndi ya TEVETA ngati malo anu sanalembetsedwe kumeneko. Lembani pamene ambiri akodwa. Ngati theka la kalasi lalephera kupeza fayilo imene laseva, tsamba la phunziro limenelo lilembedwenso kalasi yotsatira isanayambe.