Mukakanirira pa Super Mario Bros yesani izi

Magemu akale analibe chisoni aise, Super Mario Bros ya 1985 ija inalibe zosevera, miyoyo itatu ikatha basi wabwerera ku 1-1, levulo yoyambirira penipeni. Koma musathamangire pa YouTube. Ikalemba Game Over gwirani batani la A osalisiya kenako dinani Start, muyambira koyambirira kwa world (gulu la malevulo anayi) yomwe munafera ija. Ku 4-4 (levulo yachinayi ya world yachinayi) kwa Bowser, mdani wamkulu wa mugemuyi, mukaona malo omwewo akungobwerabwera ndiye kuti mwasokera, dutsani njira yapamwamba kaye kenako yapansi, ndipo ine ndimati tengani pepala muzilemba njira iliyonse yomwe mwayesa chifukwa mutu umaiwala msanga. Pomwe mukufera pafupipafupi imani kaye muone adaniwo momwe akuyendera, amangobwereza zomwezomwezo, mukawaloweza mudutsa bhobho.