Momwe mungadyetsere hatchi popanda kuipha ndi kukhuta

Mlamu wanga anagwirako ntchito yosamalira mahatchi pafamu ina kufupi ndi Johannesburg, ndipo mpaka lero saiwala usiku umene mnzake anasiya chitseko cha chipinda cha zakudya chosakhoma. Kutacha anapeza hatchi imodzi itang'amba thumba la chimanga chogaya, mphuno ili mbuu, ikuwayang'ana ngati sinalakwe kanthu. Anaseka, anasesa zotayikazo, nkhaniyo n'kuibisa kwa abwana. Litakwana tsiku lachiwiri, hatchi ija inkakana kuyenda. Inaima itatambasulira miyendo kutsogolo, thupi litatsamira kumbuyo, ngati ikuponda makala amoto. Pamene dokotala wa ziweto ankafika n'kuti madzi atafika kale m'khosi.

Kuno kwathu mahatchi ndi ochepa. Ambirife timawaonera m'malo okopa alendo ngati ku Kande m'boma la Nkhata Bay akunyamula alendowo. Koma abulu okoka ngolo ndi ambiri m'chigawo chapakati, ndipo mimba yawo imagwira ntchito mofanana ndi ya hatchi, choncho eni abulu musadumphe nkhaniyi.

Yambani mwaidziwa mimba yake

Hatchi si ng'ombe. Sibzikula, ndipo chifu chake n'chaching'ono poyerekeza ndi thupi lake, chimangolowa malita 8 mpaka 15. Choopsa kwambiri n'chakuti hatchi sisanza. Chimene chalowa chilibe njira yobwerera. Ikakhala kutchire imadya udzu pang'onopang'ono kwa maola pafupifupi 16 patsiku, ndipo mimba yake inazolowera zimenezo.

Ikadya chimanga chambiri nthawi imodzi, matumbo aang'ono amalephera kugaya chonse. Chotsalacho chimapita m'matumbo aakulu, mmene muli tizilombo tothandiza kugaya udzu, n'kuyamba kusasa ngati mowa wamasese. Asidi amachuluka, tizilombo tabwino tija timafa, poizoni n'kulowa m'magazi. Apa pamabuka matenda awiri. Ena ndi kupotokola kwa m'mimba, amene madokotala amati colic. Enawo ndi laminitis, kutupa kwa minofu imene imalumikiza chiboda ndi fupa la mkati mwake. Minofuyo ikafooka, fupa limapendekeka kapena kutsika, ndipo nthawi zina limaboola kunsi kwa chiboda. N'zimene zinagwira hatchi ya kufamu ija.

Pezani kulemera kwake, kenako muyeze udzu

Sikelo yoyezera hatchi mulibe, koma tepi ya atelala ikukwanirani. Yezani kuzungulira chifuwa, kumbuyo pang'ono kwa miyendo yakutsogolo, m'masentimita. Yezaninso kutalika kwa thupi kuchokera pansonga ya phewa kukafika pansonga ya thako. Nambala ya chifuwa muichulukitse ndi iyo yomwe, zotsatirazo muzichulukitse ndi kutalika, kenako mugawe ndi 11,880. Mwachitsanzo, chifuwa 180 ndi kutalika 165 zikupatsani makilogalamu 450. Masamu amenewa ndi a hatchi yaikulu, osati mwana wake kapena bulu.

Patsiku hatchi imafunika udzu wouma wolemera 1.5 mpaka 2 peresenti ya thupi lake. Ya makilogalamu 450 ija ndiye kuti makilogalamu 7 mpaka 9. Musayeze ndi maso kapena ndi manja. Ikani udzuwo m'thumba, mukoloweke pasikelo ya m'manja ngati ya mavenda ogula mbewu, ndipo muugawe katatu kapena kanayi patsiku kuti mimba isakhale yopanda kanthu nthawi yaitali.

Chimanga ndi gaga zibwere pomaliza

Apa ndi pamene ambiri timalakwira, ndipo timalakwira chifukwa cha chikondi. Timaona ngati chiweto chodya udzu wokha chikuzunzika, ndiye timachithirira ndowa ya gaga. Hatchi imene sigwira ntchito yolemetsa imakhala bwinobwino ndi udzu wabwino, madzi ndi mchere wonyambita basi. Yogwira ntchito tsiku ndi tsiku mungaionjezere zambewu monga chimanga ndi gaga, koma pa chakudya chimodzi zisapitirire theka la kilogalamu pa makilogalamu 100 alionse a thupi lake. Ya 450 ija isapyole makilogalamu awiri nthawi imodzi, ndipo mukachepetsa ndi bwinonso. Iyambe yadya udzu, zambewu zibwere pambuyo.

Chitini sichinena zoona. Chitini chodzaza chimanga n'cholemera kuposa chitini chomwecho chodzaza gaga, ndiye wodyetsa akasintha chakudya koma osasintha chitini, wasintha muyezo asakudziwa.

Chakudya chatsopano chilichonse, ngakhale udzu wochokera kudambo lina, chilowetseni pang'onopang'ono kwa masiku 7 mpaka 14, mukusakaniza ndi chakale. N'chimodzimodzi msipu wophuka ndi mvula yoyamba mu Novembala kapena Disembala. Hatchi imene yatha chilimwe chonse ikudya udzu wouma musaimasulire m'msipu tsiku lonse. Yambani ndi mphindi 15 kapena 30, muzionjezera tsiku lililonse.

Pali zinthu zitatu zosayenera kufika pakamwa pake. Chimanga chovunda kapena chachuku chimene timati "tipatse ziweto" chili ndi poizoni wotchedwa fumonisin amene amawononga ubongo wa hatchi ndi bulu. Chakudya cha nkhuku kapena cha ng'ombe cha m'matumba nthawi zina chimakhala ndi mankhwala a monensin, amene ngakhale ochepa amapha hatchi powononga mtima. Ndiye pali udzu wometedwa ndi makina pakapinga n'kuunjikidwa: umayamba kusasa uli pamulu pomwepo, ndipo hatchi imaumeza mwaphuma.

Madzi oyera akhalepo nthawi zonse. Hatchi yaikulu imamwa malita 25 mpaka 45 patsiku, ndipo mu Okutobala imapyola pamenepo.

Muziigwira nthiti sabata iliyonse

Yendetsani chikhatho m'mbali mwake. Nthiti zizimveka mosavuta koma zisamaonekere patali. Ngati mukuchita kukanikiza kuti muzipeze, kapena pamwamba pa khosi pamera chinyama cholimba, yanenepa mopitirira, ndipo hatchi zotere ndi zimene laminitis imakonda. Chotsani zambewu, chepetsani msipu, iziyenda. Koma musaimane chakudya mwadzidzidzi, makamaka bulu. Bulu wonenepa akasiya kudya, mafuta amasefukira m'magazi mwake n'kuwononga chiwindi, ndipo ambiri sapulumuka. Bulu wosadya ndi wodwala kale, ngakhale asakuonetsa ululu.

Ikaba chakudya, chitani izi

Chotsani chimene chatsala, ndipo muyerekeze kuchuluka kwa chimene yadya. Imbirani dokotala wa ziweto kapena alangizi a ziweto a m'dera lanu nthawi yomweyo, ngakhale hatchiyo ikuoneka yosangalala. Zizindikiro za m'ziboda zimatha kuchedwa tsiku limodzi mpaka atatu, pomwe thandizo limagwira bwino m'maola oyambirira, chakudyacho chisanapite patali. Dokotala amalowetsa kapaipi kudzera m'mphuno kukafika m'chifu n'kuthiramo mankhwala. Inu musayese kuitsanulira mafuta ophikira kukamwa ndi botolo, angalowe m'mapapo.

Podikira, musaipatse zambewu zilizonse. Ngati ayisi angapezeke, imikani miyendo yake m'madzi a ayisi ofika chakumaondo, chifukwa kuzizirako kumathandiza kuteteza ziboda. Muziyang'ana ngati ikupalasa pansi, kucheukira kumimba kwake, kutuluka thukuta isanagwire ntchito, kugona n'kumadzigubuduza, kutsegula m'mimba kapena kusachita ndowe. Gwirani ziboda mumve ngati zatentha. Ikani zala kunsi kwa chibwano muwerenge kugunda kwa mtsempha: hatchi yopuma imagunda ka 28 mpaka ka 44 pamphindi, ndipo ikapyola ka 60 muwauze adokotala afulumire. Ngati ikukana kuponda, musaikakamize kuyenda. Iikeni pamchenga wofewa kapena pautuchi wambiri.

Za chitseko chija, kachingwe kapena kamtengo kopinga sikokwanira, popeza mahatchi ena amaphunzira kutsegula ndi milomo. Gulani loko, ndipo chimangacho chikhale m'mgolo wachitsulo wokhala ndi chivindikiro cholimba.